Anamwino azitulutsa okha odwala mu wodi ya opaleshoni, koma apatsidwenso mphamvu zokana

Mu wodi iliyonse ya anthu ochitidwa opaleshoni, ikamakwana 10 koloko m'mawa mumakhala kale anthu angapo oti palibenso chowagonekera. Adya, akodza, ayenda okha kupita kubafa, bala ndi louma, thupi silikutentha, ululu ukumvera mapilisi wamba. Namwino wawaona, walemba zonse mu fayilo, ndipo mumtima akudziwa kuti awa ndi opita kwawo. Koma sangawauze kuti nyamukani, chifukwa mawu amenewo akuyenera kuchoka pakamwa pa dokotala, dokotalayonso ali ku fiyeta kuyambira m'mawa, atuluka madzulo, mwinanso usiku kukabwera anthu a ngozi. Ndiye munthu uja amangokhala pabedi chikwama atamanga kale, achibale akuimba foni kuti tibwere nthawi yanji, iye yankho alibe. Dokotala akafika 5 koloko n'kusaina, ku famase atseka, mankhwala opita nawo kunyumba palibe, basi agonanso. Likakhala Lachisanu pena zimafika mpaka Lolemba.

Ine ndikuti ntchito yotulutsa odwala ngati amenewa ipatsidwe kwa anamwino, ndipo zikhale zolembedwa, zodziwika kwa aliyense m'chipatalamo, osati zongogwirizana pakamwa ayi. Sindikunena odwala onse. Ndikunena aja amene opaleshoni yawo yayenda bwino ndipo kuchira kwawo kumatsata njira yodziwika kale, monga ochotsedwa apendikisi isanaphulike, okonzedwa hernia, ochotsedwa ndulu, ochotsedwa kachotupa pakhungu kapena m'bere, ndi ena otero.

Anthu ambiri akamva zimenezi amaganiza kuti namwino azingoyang'ana munthu n'kunena kuti aaa awa akuoneka bwino azipita. Si mmene zimayendera kumene zikuchitika kale. Dokotala amene wapanga opaleshoniyo, tsiku lomwelo polemba mu fayilo, amalemberatu kuti wodwala uyu atha kupita kwawo izi ndi izi zikakwanira: kutentha kwa thupi, BP ndi kugunda kwa mtima zikhale m'malo mwake kwa maola akutiakuti, akhale akudya ndi kumwa osasanza, akodze yekha paipi ya mkodzo itachotsedwa, ayende ngati mmene amayendera asanabwere, bala lisakhale likutuluka magazi, ululu uzitha ndi mankhwala akumwa osati a jakisoni, zotsatira za magazi zikhale mwakuti. Namwino wophunzitsidwa ntchitoyi amayenda nazo chimodzichimodzi, zonse zikakwana amamutulutsa, chimodzi chokha chikasowa amaitana dokotala. Ndiye chiganizo cha dokotala sichinachotsedwe, changopangidwa msanga, pa nthawi imene iye akukumbukira bwino zimene waona m'mimbamo ndi maso ake, osati patapita masiku atatu atatsegula kale anthu ena ambirimbiri.

Komanso si zachilendo izi. Ku England, mu 2000 boma litatulutsa pulani yake ya zaumoyo yotchedwa NHS Plan, pa ntchito khumi zimene anati anamwino azigwira panali yogoneka ndi kutulutsa odwala a matenda ena ake motsatira ndondomeko yogwirizana. Mu 2004 unduna wa zaumoyo kumeneko unatulutsanso chikalata chothandiza zipatala pa nkhani yomweyi, ndipo mfundo yake yaikulu inali yoti pafupifupi 80 pa 100 alionse otuluka m'chipatala kutuluka kwawo ndi kosavuta, akubwerera kunyumba kwawo ndipo safuna chisamaliro chapadera. Masiku ano njirayi amaitchula kuti criteria-led discharge ndipo ikupezekanso ku Australia ndi maiko ena.

Koma chimene chimandikhutiritsa kwambiri ine ndi china, chakalenso kuposa izi. Munthu akangotuluka mu fiyeta amayamba wagona kaye mu chipinda chotsitsimukira, ndipo ola limenelo ndi loopsa zedi, mankhwala ogonetsa akadali m'thupi, munthu atha kusiya kupuma, atha kusanza n'kutsamwa, atha kutaya magazi mkati osaoneka. Amene amakhala naye pamenepo ndi namwino, ndipo m'zipatala zambiri ndi namwino yemweyo amene amaona kuti tsopano atha kupita ku wodi. Mu 1970 dokotala wogonetsa odwala, J. Antonio Aldrete, anakonza kawerengedwe ka zinthu zisanu, kupuma, kayendedwe ka magazi, kutsitsimuka, kusuntha manja ndi miyendo, ndi maonekedwe a khungu amene pambuyo pake analowedwa m'malo ndi mulingo wa oxygen m'magazi, chilichonse chimapatsidwa 0, 1 kapena 2, wodwala akafika 9 pa 10 ndiye wakonzeka. M'zaka za m'ma 1990 Frances Chung wa ku Toronto anakonzanso kawerengedwe kofanana ka anthu opangidwa opaleshoni n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ndiye kwa zaka zoposa 50 takhala tikukhulupirira namwino pa ola loopsa kwambiri lija, nanga bwanji tsiku lachiwiri kapena lachitatu, munthu akuyenda yekha mu kolido, timvekere namwino sangadziwe?

Amadziwa, ndipo nthawi zambiri amadziwa kuposa wina aliyense m'chipatalamo. Dokotala pa raundi amaima pabedi mphindi zochepa chabe, ndipo mukudziwa mmene odwala timachitira dokotala akafika, timadzikonza, timamwetulira, akafunsa timangoti ndili bwino adokotala, ena chifukwa chofuna kupita kwawo, ena chifukwa cha ulemu basi. Namwino ndi amene anaona kuti 3 koloko usiku bambo aja anasanza, kuti mbale yawo ikubwerera osakhudza, kuti akamapita kubafa akugwira khoma, kuti agogo aja usiku akumasokonezeka mutu ngakhale masana amayankhula bwinobwino, kuti mayi aja chigonekedwere palibe amene wabwera kudzawaona ndiye kunyumbako akakhala ndi ndani. Izi sizioneka pa raundi. Ndipo tinene zoona, m'zipatala zambiri amene amasaina pepala lotulutsa si dokotala wamkulu uja anapanga opaleshoni, ndi dokotala wamng'ono amene wangofika mu wodimo miyezi ingapo yapitayo, ndipo asanasaine amatembenukira kwa namwino n'kufunsa kuti a pabedi ili ali bwanji sisita? Namwino akati ali bwino iye amasaina. Nzeru za namwino zikugwiritsidwa kale ntchito tsiku ndi tsiku, chimene chikusowa ndi dzina lake papepala, ndipo wodwala akudikira maola ambiri chifukwa cha kusowa kumeneko.

Wina atha kunena kuti nanga kugona tsiku limodzi loonjezera kuli ndi vuto lanji, si bwino kusamala? Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, timaona ngati bedi la m'chipatala ndi malo otetezeka kuposa kunyumba nthawi zonse. Kwa munthu wodwala kwambiri inde. Kwa munthu amene wachira, tsiku lililonse loonjezera ndi tsiku limene ali pafupi ndi tizilombo ta odwala ena, tina tosamvanso mankhwala, ndi tsiku limene wagona chagada magazi osayenda bwino m'miyendo mpaka kuundana, mapapo osatambasuka mpaka chibayo, minofu ikufooka makamaka kwa achikulire, tulo osagona chifukwa cha phokoso ndi magetsi. Henrik Kehlet, dokotala wa opaleshoni wa ku Denmark, anaonetsa m'zaka za m'ma 1990 kuti anthu odulidwa mbali ya matumbo aakulu, akapatsidwa mankhwala a ululu oyenera, n'kuyamba kudya msanga ndi kuyenda msanga, atha kupita kwawo pakatha masiku awiri kapena atatu, pamene kale amagona sabata kapena kuposa. Ntchito yake ndi imene inabala njira yothandiza odwala kuchira msanga akachitidwa opaleshoni yotchedwa ERAS, ndipo mukaiona bwino njira imeneyo mbali yake yaikulu ili m'manja mwa anamwino, kudzutsa munthu, kumuyendetsa, kumulimbikitsa kudya, kuchotsa mapaipi pa nthawi yake.

Palinso munthu wina amene sitimuona chifukwa sali mu wodimo. Ndi uja anauzidwa kuti asadye kuyambira usiku, wabwera m'mawa, wadikira, kenako akuuzidwa kuti opaleshoni yanu yalephereka lero bedi palibe. Kapena uja wagona pa machira ku chipinda cha ngozi kudikira kuti kumtunda kutuluke munthu. Mu 2015 gulu la akatswiri lotchedwa Lancet Commission on Global Surgery linanena kuti anthu 5 biliyoni padziko lapansi alibe mwayi wopeza opaleshoni yotetezeka komanso yoti angakwanitse kulipira pa nthawi imene akuifuna. Zifukwa zake ndi zambiri ndipo kutulutsa odwala m'mawa sikungathetse zonsezo, koma bedi logonedwa ndi munthu wochira pamene wina akulifuna ndi chinthu choti chipatala chitha kukonza popanda kumanga nyumba ina.

Tsopano mantha enieni, ndipo sindikuwapeputsa: bwanji namwino akaphonya vuto? Mavuto ena a pambuyo pa opaleshoni amabisala. Munthu wolumikizidwa matumbo atha kuoneka bwino masiku oyambirira, kenako polumikiza paja n'kuyamba kudontha patapita masiku angapo, ndipo chizindikiro choyamba chimatha kungokhala mtima kugunda mofulumirirako, kapena munthu kungoti sindikumva bwino osadziwa pofotokozera. Wochotsedwa ndulu atha kudontha ndulu m'mimba. Kafukufuku wa African Surgical Outcomes Study, amene anatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2018 motsogozedwa ndi Bruce Biccard, anaona odwala oposa 11,000 m'maiko 25 a mu Africa ndipo anapeza kuti ngakhale odwalawo anali achichepere komanso opanda matenda ena ambiri, mwayi woti amwalire pambuyo pa opaleshoni yokonzekera unali wowirikiza kawiri poyerekeza ndi dziko lonse lapansi, ndipo pafupifupi onse omwalirawo anamwalira m'masiku otsatira, osati pa tebulo la opaleshoni. Izi ndi zowawa kuwerenga. Koma taonani chimene zikutiuza. Anthu akufera mu wodi chifukwa vuto silinaoneke msanga kapena panalibe woti achitepo kanthu msanga. Dokotala amene akuthera nthawi yake akuzungulira kusainira anthu ochira ndi dokotala amene sali pa bedi la uja mtima ukuthamanga. Kusiyanitsa odwala osavuta ndi ovuta, osavutawo n'kuwasiya kwa namwino, kumapereka maso a dokotala kwa amene akuwafunadi.

Ndiye mzere uyenera kulembedwa momveka. Wolumikizidwa matumbo, amene opaleshoni yake inavuta kapena anataya magazi ambiri, amene anabwereranso ku fiyeta, amene anagonako ku ICU, wa matenda a mtima kapena impso osakhazikika, amenewa atulutsidwe ndi dokotala atawaona yekha tsiku limenelo. Ndipo ngakhale mwa osavuta aja, aliyense amene manambala ake asuntha achoke pa mndandanda nthawi yomweyo. Zida zothandiza zilipo kale, monga NEWS imene bungwe la madokotala la Royal College of Physicians la ku London linatulutsa mu 2012 n'kuikonzanso mu 2017, imene imaphatikiza kupuma, oxygen, kutentha, BP, kugunda kwa mtima ndi kutsitsimuka kwa munthu n'kupereka nambala imodzi yochenjeza.

Koma chimene ine chimandidetsa nkhawa kwambiri si luso la namwino. Ndi akuluakulu oyendetsa chipatala. Njira imeneyi ikalowa m'manja mwa munthu amene amangowerenga mabedi, imasanduka chida chokankhira anthu kunja, ndipo namwino ndi wosavuta kumupanikiza kusiyana ndi dokotala wamkulu, aliyense wogwira m'chipatala akudziwa zimenezi. Foni imalira m'mawa kuti tikufuna mabedi anayi pofika 12 koloko, ndipo namwino amene akuona kuti bambo awa zonse zapapepala zakwana koma chinachake sichili bwino, nkhope yawo yasintha, sakuyankhula ngati dzulo, amayamba kudzifunsa kuti kodi ndikakana andiona bwanji. Ichi n'chifukwa chake ndikuti mphamvu yotulutsa isabwere yokha, ibwere pamodzi ndi mphamvu yokana, yolembedwanso chimodzimodzi, yoti namwino akati awa sapita lero mpaka dokotala awaone, pasakhale womufunsa kuti watchinga bedi bwanji. Pepala lija likunena zochepa zimene ziyenera kukwana munthu asanapite, silikunena kuti zikakwana ndiye apite basi olo namwino akukayika. Chipatala chimene chikufuna mbali yoyambayo koma chikukana yachiwiriyi chisayambe n'komwe.

Komanso kutulutsa munthu bwino kumadya nthawi, ndipo nthawi ndi imene anamwino alibe. Mu 2014 Linda Aiken ndi anzake anasindikiza mu The Lancet kafukufuku wa zipatala 300 m'maiko 9 a ku Ulaya, pa odwala a opaleshoni oposa 400,000, ndipo anapeza kuti wodwala mmodzi aliyense woonjezeredwa pa ntchito ya namwino amakweza ndi 7 peresenti chiopsezo choti wodwala amwalire pasanathe masiku 30. Kumeneko ndi ku Ulaya, kumene namwino amakhala ndi odwala ochepa poyerekeza ndi malo ambiri padziko. Ndiye kutenga namwino amene ali yekha pa shifiti ndi wodi yodzadza, madripi akutha, mabala akudikira kutsukidwa, n'kumuuza kuti kuyambira lero uzitulutsanso odwala, kumeneko si kumulemekeza, ndi kumusenzetsa katundu wa wina pamwamba pa wake. Pakufunika namwino woti m'mawa ntchito yake ikhale imeneyi, wodziwa wodi ya opaleshoni kwa zaka, wophunzitsidwa ndipo woyesedwa kuti akutha, osati aliyense amene wapezeka pa shifiti, ndipo udindo ukakula giredi ndi malipiro zikule nawo. Ndipo tsiku limene wodwala wotulutsidwa motsatira ndondomeko wabwerera ali moipa, chifukwa tsikulo lidzafika ngati mmene limafikira kwa madokotala, chipatala chiime kumbuyo kwa namwinoyo, tifufuze ngati ndondomeko ili ndi bowo, osati kuthamangira kupeza womuloza chala. Anamwino ambiri amene amakana udindowu sakana chifukwa cha ulesi, amakana chifukwa anaonapo mnzawo atasiyidwa yekha zinthu zitavuta.

Pali phindu lina limene silitchulidwa kawirikawiri ndipo kwa ine ndi lalikulu. Kutulutsa kwa 5 koloko kuja, kothamanga, munthu amangopatsidwa pepala ndi mapilisi, akafika kunyumba mafunso ndi pamene amayamba, kodi ndisambe liti, bandeji ndichotse kapena ayi, ulusiwu ndi wosungunuka wokha kapena wokachotsetsa, kutupa uku n'kwabwinobwino? Mabala ambiri amene amalowa tizilombo amadzaonekera munthu ali kale kunyumba, n'chifukwa chake akatswiri amawerengera mpaka masiku 30 kuchokera tsiku la opaleshoni. Ndiye chitetezo chenicheni cha munthu wotuluka chili pa zimene akudziwa. Namwino amene ntchitoyi ndi yake amakhala pansi ndi wodwala komanso womusamalira, n'kuwauza kuti bala likafiira, likatentha, likayamba mafinya kapena fungo, thupi likatentha, mimba ikatupa n'kumasanza, mkodzo ukakana, mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, mukayamba kubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa, musadikire tsiku la cheki, bwerani. Amawauza za kunyamula zolemera, za kuyendetsa galimoto, za mankhwala awo akale monga a shuga kapena ochepetsa kuundana kwa magazi kuti ayambirenso liti. Kenako amawapempha kuti abwereze m'mawu awoawo, chifukwa munthu wongochoka pa mankhwala ogonetsa ndi opha ululu amavomera zonse koma zambiri sizikhala m'mutu. Amawapatsa zolembedwa ndi nambala ya foni ya ku wodi yoti ikalira wina ayankhe, ndipo zipatala zina zimaimbira wodwalayo mawa lake kumufunsa kuti mwagona bwanji.

Odwala ena, makamaka achikulire, mtima sukhala pansi akapanda kumva kwa dokotala mwiniwake, ndipo ndikuwamvetsa, munthu amene wakutsegula pamimba umafuna akuyang'ane m'maso akuuze kuti zayenda bwino. Udindo umenewo suchoka. Dokotala ayenera kubwera pambuyo pa opaleshoni kudzafotokoza chimene wapeza, chimene wachita, ndi za zotsatira za ku labu ngati pali chimene chatumizidwa kukayezedwa. Pamenepo ndi pomwe ayenera kunenanso ndi pakamwa pake kuti mukadya, mukayenda, mukakodza bwino, sisita awa ndi amene akutulutseni, ndagwirizana nawo. Zinenedwenso ku kiliniki munthu asanagonekedwe n'komwe, kuti achibale akonzekere transipoti ndi womudikirira usiku woyamba. Wodwala akamva zimenezi kwa dokotala saonanso ngati wathamangitsidwa dokotala asanamuone.

Kwa madokotala a opaleshoni, mbali yanu ndi imene ingaphe kapena kuchiritsa zonsezi, ndipo ndi yaing'ono. Lembani zofunika kukwana zija momveka tsiku la opaleshoni, osati kungoti atuluke akakhala bwino, lemberanitu mankhwala opita nawo kunyumba ndi kalata yotulukira musanachoke ku fiyeta, ikani tsiku la cheki. Mukapanda kutero namwino adzakhala ndi mphamvu yotulutsa koma wodwala adzadikirabe inu kuti mulembe mapilisi. Chipatala chiyambe ndi wodi imodzi ndi mitundu iwiri kapena itatu ya opaleshoni, chizilemba kuti anthu akutuluka nthawi yanji, angati akutuluka Loweruka ndi Lamlungu, angati abwerera pasanathe masiku 30 ndipo abwerera ndi chiyani, komanso kangati namwino wakana kutulutsa munthu ndipo dokotala atabwera anapeza chiyani. Nambala yomalizayi isasiyidwe, ikakhala ziro mwezi ndi mwezi ndiye kuti anamwino akuopa kukana, ndipo akuluakulu a chipatala apite ku wodiko akawafunse kuti akuopa ndani.